Kuchokera ku Chileka Kufika ku Lumbadzi: Kodi Ndege Ifupikitsa Ulendo Motani?

Awa ndi mau amene analankhula Mthandizi wa Zofalitsa Nkhani pa msonkhano wa mafumu, aphunzitsi ndi makolo pa Lirangwe, m'boma la Blantyre. Tawasindikiza muno kuti amene sanathe kufika awerenge okha.

Ine ndine mwana pakati pa inu, ndipo sindinabwere kudzaphunzitsa akulu ai. Ndabwera kudzayankha kalata imene inatipeza ku ofesi kuchokera kuno ku Lirangwe. Mphunzitsi wina analemba kuti ana a m'kalasi mwake anamfunsa motere: "Ndege zimene timaziona m'mwambamu zikanyamuka pa Chileka, zimayenda mtunda wautali bwanji kuti zikafike ku Lilongwe? Nanga bwanji zimafika ola lisanathe, pamene basi imatha theka la tsiku?" Pansi pa kalatayo anaonjezapo funso la bambo wina wa m'mudzi mwao. Mwana wa bamboyo waitanidwa ku Lilongwe kukayesedwa pa nchito imene anafunsira, ndipo ayenera kukafika nthawi ya 8 koloko m'mawa. Tsono bamboyo afuna kudziwa ngati n'kwanzeru kugulitsa mbuzi zake kuti mwanayo akwere ndege, angachedwe.

Mafunso onsewa ndi abwino, ndipo yankho lao ndi limodzi. Tiyeni tiwerengere pamodzi pang'onopang'ono, monga tichitira poyeza munda.

Mabwalo awiri

Poyamba tidziwe malo amene tikunena. Bwalo la ndege la Chileka liri pa mtunda wa makilomita 16 kuchokera pakati pa mzinda wa Blantyre, ndiwo mamailosi 10 kwa inu amene munaphunzira kale. Kwa zaka zambiri bwalo limeneli ndilo linali khomo lalikulu la dziko lino. Kuyambira m'chaka cha 1946 pankatera ndege za kampani ya Central African Airways, imene inali ya maiko atatu, Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia. Agogo athu ena akumbukirabe tsiku la 6 July 1958, pamene khamu lalikulu linasonkhana pa Chileka kudzalandira Dr. Hastings Kamuzu Banda pobwerera kwao kuno. M'chaka cha 1964, chaka cha ufulu wathu, kunabadwa Air Malawi, ndipo ndege zake zinkagona pa Chileka pomwepo. M'chaka cha 2024 Boma linapatsa bwaloli dzina lakuti Bakili Muluzi International Airport, koma popeza tonse tinazolowera kunena kuti Chileka, nanenso ndidzatero m'mau angawa.

Likulu la Boma litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe m'chaka cha 1975, kunafunika bwalo lalikulu kumeneko. Analimanga pa Lumbadzi, pafupifupi makilomita 25 kumpoto kwa mzinda, pa njira ya ku Kasungu, ndipo linatsegulidwa m'chaka cha 1983. Limeneli ndilo Kamuzu International Airport. Gwirani mau awa, pakuti tidzawafuna kutsogoloku: ndege imene timati "ikupita ku Lilongwe" siitera mumzinda wa Lilongwe ai, imatera ku Lumbadzi.

Air Malawi inatha m'chaka cha 2013. M'malo mwake munalowa kampani imene lero itchedwa Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu January 2014. Poikhazikitsa, Boma lathu linatenga magawo 51 mwa magawo 100, ndipo Ethiopian Airlines inatenga magawo 49. Ndege zake ndizo zimanyamula anthu pakati pa mabwalo awiriwa.

Mitunda iwiri

Tsopano funso la ana. Pakati pa Chileka ndi Lumbadzi pali mitunda iwiri, wina wa khwangwala, wina wa munthu woyenda pansi.

Tengani mapu a dziko la Malawi ndi ulusi. Ikani nsonga ina ya ulusi pa Chileka, nsonga ina pa Lumbadzi, ndipo muukoke kuti uongoke. Mukauyeza pa muyeso wa mapu mudzapeza makilomita pafupifupi 245, ndiwo mamailosi 152. Umenewo ndiwo mtunda wa khwangwala, ndipo ndege imayenda pafupi ndi mzere umenewo. Ana adzadabwa kuona kuti ulusiwo usiya Ntcheu ndi Dedza kudzanja lamanja, nudula pamwamba pa dziko la Angonia, ku Mozambique, usanalowenso kwathu kuno.

Kenaka tengani ulusi wina, muugoneke motsata msewu wa M1, umene udutsa pakhomo pathu pano. Uyambe pa Chileka, utulukire pa Kameza, udzere pa Lunzu, pa Lirangwe, pa Mdeka, uoloke Shire pa Zalewa, upitirire pa Phalula, pa Chingeni, pa Ntcheu, pa Lizulu, pa Dedza, pa Nathenje, ulowe mumzinda wa Lilongwe, utulukire pa Kanengo mpaka pa Lumbadzi. Ulusi umenewu udzakwana makilomita pafupifupi 330, ndiwo mamailosi 205. Motero msewu upambana mzere wa ndege ndi makilomita 85.

Msewu utalika chifukwa uli ndi zambiri zoti uzilambalale. Sungaoloke Shire paliponse, uyenera kufuna pamene pali mlatho. Sungakwere mapiri a ku Ntcheu ndi Dedza molunjika, uyenera kukhotakhota kuti galimoto yolemedwa ithe kukwera. Sungadumphe malire a dziko, ndipo inu amene munayendapo mudziwa kuti cha ku Lizulu msewu uyenda m'malire mwenimweni, tsidya lina Malawi, tsidya lina Mozambique. Ndiponso msewu unamangidwira anthu, kotero uyenera kudzera m'misika ndi m'maboma kumene anthuwo ali. Ndege iribe mlatho, iribe chikweza chokhotera, ndipo siima pa msika.

Chinthu china chimene ana angakonde kudziwa ndi ichi: Chileka iri pamtunda wa mamita pafupifupi 780 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Lumbadzi iri pa mamita 1,230. Munthu wochoka kuno kupita uko amakwera mamita 450, ndipo ndicho chifukwa chake kumeneko kumazizira koposa kuno m'miyezi ya June ndi July.

Masamu a liwiro

Imodzi mwa ndege zimene zakhala zikuyenda pa njira imeneyi ndi ya mtundu wa Dash 8, yokhala ndi zikupizo ziwiri zozungulira zimene amazitcha mapulopela. Imanyamula anthu pafupifupi 70, ndipo ikafika pamwamba imatha kuthamanga makilomita oposa 600 pa ola limodzi. Aphunzitsi, apa pali masamu okoma. Makilomita 600 pa maminiti 60 ndiwo makilomita 10 pa miniti imodzi. Ndiko kuti kuchokera pano kufika ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 30, ndege ingathe m'maminiti atatu kapena anai okha. Tikagawa makilomita 245 ndi 10 tipeza maminiti 25 osakwana.

Koma munthu wokwera amakhala m'ndegemo maminiti 40 kapena 50. Nanga maminiti enawo amathera kuti? Ndege siiyamba ulendo ndi liwiro lonse. Zitseko zikatsekedwa imayenda pansi pang'onopang'ono kufikira kumapeto kwa msewu wake, nidikira chilolezo kwa anthu a pa nsanja amene amayang'anira ndege zonse. Imanyamuka moyang'anana ndi mphepo, pakuti mphepo yochokera kutsogolo ndiyo ithandiza mapiko kunyamula. Kotero ngati mphepo ichokera kum'mawa, ndege idzayamba yaloza kum'mawa, ngakhale ulendo wake uli wa kumpoto, ndipo idzakhota itakwera. Pokwera siithamanga kwambiri. Isanakhalitse pamwamba iyenera kuyamba kutsika, kuchepetsa liwiro, ndi kudziongola bwino kuti itere moyang'anana ndi mphepo kachiwiri.

Pa ulendo waufupi ngati umenewu, nthawi yambiri imathera pokwera ndi potsika. Apa ndi pamenenso pagona kudula kwa tikiti. Ndege imamwa mafuta ambiri ponyamuka ndi pokwera. Msonkho wa pa bwalo, malipiro a oyendetsa, ndi nchito ya amakaniko oyang'ana ndege isananyamuke, zonsezi ziripo ndithu, kaya ulendo ndi waufupi kaya ndi wautali. Chifukwa chake kilomita imodzi ya ulendo waufupi imadula koposa kilomita imodzi ya ulendo wautali.

Basi yabwino, pochotsa nthawi yoima pa zipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke, pa apolisi, ndi potsitsa anthu, imayenda makilomita 60 kapena 70 pa ola. Ndege imaiposa pafupifupi kakhumi. Limenelo ndilo yankho la ana.

Ulendo uyambira pakhomo

Koma yankho la bambo wa mbuzi uja silinakwane, pakuti palibe munthu amene amagona pa bwalo la ndege. Ulendo uyambira pakhomo pa nyumba yako, ndipo uthera pakhomo la kumene upita. Ndiloleni ndikuuzeni za ine mwini, pakuti ndakwerapo ndege kamodzi kokha.

Bungwe lina linatiitana ku maphunziro ku Lilongwe, ndipo linandigulira tikiti. Ndinakondwa kwambiri, ndipo ndinauza aliyense kuti ndidzafika m'maminiti 45. Tsiku limenelo ndinagona kwa achibale pano pa Lirangwe. Ndinakwera minibasi nthawi ya 6 koloko m'mawa. Taonani, ngakhale Chileka iri pafupi ndi ife, makilomita ngati 20 pa mzere wa khwangwala, ine ndinayenera kubwerera kumwera, kufulatira Lilongwe kumene ndinkapitako. Minibasi inaima pa Lunzu kudikira anthu. Ndinatsika pa Kameza, ndi kukwera ina, ndipo ndinafika pa bwalo nthawi ya 7.30. Ndinaonetsa tikiti ndi chiphaso, anapima katundu wanga, anandisecha, ndipo ndinakhala pansi kudikira. Ndege inanyamuka 9 koloko, nitera pa Lumbadzi nthawi ya 9.45. Zinali zoona ndithu, maminiti 45. Koma ndinadikira chikwama changa, ndi kufuna takisi, ndi kuyenda makilomita 25 aja pakati pa magalimoto ambiri a pa Kanengo. Ndinafika kumene ndinkapita 11 koloko. Ulendo wa maminiti 45 unanditengera maola asanu.

Mphunzitsi wina wa dera lino anaitanidwanso ku maphunziro omwewo. Iye anaima m'mphepete mwa msewu pompano, nakwera basi nthawi ya 6.30. Popeza Lirangwe iri kale pa njira, kwa iye kunatsala makilomita osakwana 280. Anagula chimanga chootcha pa Zalewa ndi mbatata pa Lizulu, nafika pa depoti ya Lilongwe 12 koloko masana. Ndinampambana ndi ola limodzi lokha. Titawerengera ndalama madzulo ake, tinapeza kuti takisi yanga yokha, yochokera ku Lumbadzi kulowa mumzinda, inadya ndalama zambiri koposa basi yake yonse, tisanawerengere tikiti ya ndege. Anandiseka, nati, "Achimwene, kuthamanga si kufika." Sindinathe kumyankha.

Cholakwa sichinali cha ndege. Ndege inachita nchito yake bwino lomwe. Cholakwa chinali changa, pakuti ndinawerenga chigawo chimodzi cha ulendo ndi kuiwala zigawo zinai: kupita ku bwalo, kudikira pa bwalo, kudikira katundu, ndi kuchoka pa bwalo kulowa mumzinda.

Pamene ndege ipindula

Musaganize kuti ndikunyoza ndege. Pali maulendo amene ndege iribe mnzake.

Woyamba ndi ulendo wautali. Ambiri a inu muli ndi ana ku Johannesburg. Kuchokera pa Chileka kufika kumeneko, mzere wa khwangwala ndi makilomita pafupifupi 1,350, ndipo ndege imatha maola awiri ndi pang'ono. Basi iyenera kudzera pa Mwanza, kuoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kupitirira Harare, ndi kuima pa mzere pa Beitbridge. Amene munayendapo mudziwa kuti tsiku limodzi silikwana, ndipo kawirikawiri munthu amagona m'njira. Maola amene munthu ataya pa mabwalo a ndege ndi omwe aja, atatu kapena anai, koma apa apulumutsa tsiku lathunthu ndi kupitirira. Lamulo lake ndi ili: ulendo ukatalika, phindu la ndege limakula, ukafupika, limachepa.

Wachiwiri ndi wa munthu amene akupitirira kunja kwa dziko kudzera pa Lumbadzi. Iyeyu safuna kulowa mumzinda wa Lilongwe, kotero makilomita 25 aja samkhudza, ndipo ndege yochokera ku Chileka imamtula pakhomo penipeni pa ndege inzake.

Wachitatu ndi wa munthu wa nchito wokhala mumzinda wa Blantyre, amene ayenera kupita ku msonkhano m'mawa ndi kubwerera tsiku lomwelo. Kupita ndi kubwera pa msewu ndi maola asanu ndi anai kapena khumi, ndipo munthu sangagwire nchito bwino atatopa motero. Chimodzimodzinso wodwala amene sangapirire kukhala m'galimoto nthawi yaitali, ngati dokotala wavomereza kuti akwere ndege.

Koma ngati mupita ku Ntcheu kapena ku Dedza, ndege idzakupitirizani. Wopita ku maliro ku Dedza atatsika pa Lumbadzi ayenera kubwerera m'mbuyo makilomita oposa 100. Ngati muli ndi thumba la ufa, nkhuku, kapena njinga, msewu ndiwo wanu, pakuti m'ndege katundu amapimidwa pa sikelo, ndipo wopitirira muyeso amalipiridwa padera.

Kwa amene adzakwera

Ena mwa inu, kapena ana anu, mudzakwera ndege tsiku lina. Sungani malangizo awa. Gulani tikiti ku ofesi ya kampani ya ndege kapena kwa wogulitsa wodziwika amene ali ndi ofesi yake, osati kwa munthu wongokuimbirani foni. Onetsetsani kuti dzina la pa tikiti lifanana ndi la pa chiphaso chanu cha unzika, kapena la pa pasipoti ngati mutuluka m'dziko. Funsani nthawi imene muyenera kufika pa bwalo, ndipo muonjezepo ya minibasi yodikira anthu pa Lunzu, pakuti ndege siidikira munthu monga achitira kondakitala wodziwana naye. Mpeni, lumo ndi sizasi musaziike m'chikwama cha m'manja, ndipo parafini ndi petulo salowa m'ndege konse. Makutu akatseka potsika, mezani malovu, adzatseguka. Chimene simuchidziwa funsani anchito a pa bwalo, pakuti safunsa anadya phula.

Ndinenepo za mantha. Tonse tikumbukira tsiku la 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali yochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa nyengo yoipa, ndipo anthu asanu ndi anai anamwalira, pamodzi ndi Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima. Chisoni chimenecho sichinathe m'mitima yathu. Komabe tinene zoona: ngozi za ndege zonyamula anthu zimachitika kamodzikamodzi, pamene ngozi za pa msewu zimatenga miyoyo yambiri m'dziko lino chaka ndi chaka. Phunziro lake ndi lakuti nyengo iyenera kulemekezedwa. Mvula yamkuntho ikagwa, kapena chifunga cha Chiperoni chikaphimba mapiri a Blantyre, ndege ingachedwe kunyamuka kapena kulephera kutera. Zikatero musadandaule, pakuti woyendetsa akusamala moyo wanu. Koma dziwani kuti nayonso ndege ingachedwetse munthu, ndipo si nzeru kuikira chinthu chachikulu pa ndege ya m'mawa wa tsiku lomwelo.

Yankho kwa bambo uja

Tsono bambo, ngati muli pano, mbuzi zanu zisiyeni m'khola. Mwana wanu afunika 8 koloko m'mawa, ndipo mwaona kuti ngakhale ine wa ndege ndinafika 11 koloko. Akwere basi pano pa Lirangwe m'mawa wa tsiku lotsogola. Adzafika dzuwa likali pamwamba, adzakaona ofesi imene amuitanira kuti asasokere m'mawa mwake, adzagona kwa mbale kapena pa nyumba ya alendo yotsika mtengo, nadzauka wopumula, malaya ake ali ositasita. Ndalama za basi, chakudya ndi malo ogona pamodzi sizidzafika pa mtengo wa tikiti ya ndege. Zotsalazo mumsungire, pakuti akapeza nchitoyo adzafuna za lendi ndi za chakudya mwezi woyamba asanalandire malipiro.

Kwa inu aphunzitsi ndiri ndi pempho. Sabata ya mawa tengani mapu, ulusi ndi rula, ndipo ana ayeze okha mitunda iwiri ija. Ngati pa mapu anu sentimita imodzi iimira makilomita 10, ulusi wa ndege udzakwana masentimita 24 ndi theka, ndipo wa msewu masentimita 33. Akatha pamenepo ayeze Chileka ndi Mzuzu, ndiponso Chileka ndi Karonga. Kenaka muwafunse kuti pa ulendo uliwonse, munthu wochokera pano pa Lirangwe angapulumutse maola angati pokwera ndege, atawerenga zigawo zonse zisanu kuyambira pakhomo pake. Mayankho a ana mutitumizire ku ofesi ya Zofalitsa Nkhani ku Blantyre, ndipo abwino koposa tidzawasindikiza m'nyuzi ya mwezi wa mawa, pamodzi ndi dzina la sukulu.

Amene ali ndi funso aimike dzanja.